Kwina aletsa ulenje, kwina awonjezera zilolezo: chikuchitika n'chiyani ndi nyama ya moose?

Mu 2013 chigawo cha Minnesota ku America chinaimitsa ulenje wa moose, nyama yaikulu ya m'banja la agwape a kumayiko ozizira. Akatswiri atawerenga nyamazi ali m'helikopita anapeza kuti zatsala pafupifupi 2,760, pamene mu 2006 zinalipo 8,840. Papita zaka zoposa khumi boma la chigawochi lisanaperekenso chilolezo, koma moose sizinabwerere mwakale. Chaka ndi chaka chiwerengero chimangosewera pakati pa 3,000 ndi 5,000. Kummawa kwa dziko lomwelo, ku Maine, akuluakulu anachita zosiyana: mu 2021 anawonjezera zilolezo 550 zophera moose zazikazi, ndipo anaziwonjezera m'dera limene ana a moose akufa kwambiri.

Munthu ukamva nkhani ziwirizi mutu umaima. Ngati nyama zikutha, bwanji kuletsa mfuti sikukuzibweza? Nanga akatswiri a ku Maine aganiza chiyani kuti aziphetsa zazikazi, zomwe ndiye mbewu? Alenje nawo ali ndi madandaulo awo: m'njira za m'tchire zimene kale ankakumana ndi nkhunzi tsiku lachiwiri, lero amatha sabata osaona ngakhale ndowe yaiwisi. Gwero la zonsezi ndi ana: akubadwa angati, akupulumuka chaka choyamba angati, ndiponso chikuwapha n'chiyani m'dera lililonse.

Nyama yake ndi yotani

Moose ndi yaikulu kuposa nyama zonse za m'banja la agwape a kumayiko ozizira, aja a nyanga zanthambi. Imapezeka ku Alaska, Canada, kumpoto kwa America, Scandinavia ndi Russia. Nkhunzi ya ku Alaska imalemera makilogalamu 540 mpaka 725, ndipo paphewa imatalika pafupifupi mamita awiri. Taganizirani ntchefu yaikulu itaimikidwa pa miyendo yaitali ngati nsichi. Nyanga zimamera pa zamphongo zokha, zotambalala ngati zikhatho, ndipo kuchokera nsonga ina kufika inzake zimatha kukwana mamita 1.8. Zimagwa mu Disembala kapena Januwale n'kumeranso zina.

Kadyedwe kake ndi ka mbuzi, osati ka ng'ombe. Imabudula masamba, mphukira ndi nsonga za mitengo ing'onoing'ono monga willow, birch ndi aspen, ndipo kukafunda imalowa m'madambo kukadya zomera za m'madzi. Patsiku imafuna makilogalamu 20 kapena kuposa. Siyenda m'gulu ngati njati. Iliyonse imadziyendera yokha, kupatula yaikazi imene ili ndi mwana.

Thupi lake linapangidwira chisanu. Ubweya ndi wochindikala, tsitsi lililonse lili ndi mphako m'kati, ndipo nyamayi situluka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Kafukufuku wa ku Alberta ku Canada wa m'zaka za m'ma 1980 anasonyeza kuti m'nyengo yozizira moose imayamba kumva kutentha kukangofunda kupitirira madigiri 5 pansi pa ziro, ndipo m'nyengo yotentha imayamba kuvutika pa madigiri 14. M'mawa umene ife tikanavala juzi, moose imakhala ikufuna mthunzi.

Masamu a mlimi wa ziweto

Aliyense woweta amadziwa kuti khola limayenda ndi misoti. Tiyerekeze kuti m'dera muli moose zazikazi 100. Kumene zinthu zili bwino, pa chaka zimafa 8 mpaka 12 popanda mfuti, chifukwa cha ukalamba, zilombo ndi ngozi. Kuti chiwerengero chingoima pomwepo, pafunika ana aakazi ochuluka chomwecho amene akwanitse chaka. Popeza theka la ana ndi aamuna, ndiye kuti ana 16 mpaka 24 ayenera kupulumuka. Akachepera apo, gulu limatsika ngakhale pasalire mfuti. Kumpoto chakummawa kwa Minnesota, m'zaka za 2002 mpaka 2008, moose zazikulu zinkafa 21 pa 100 zilizonse pa chaka, osawerengera zophedwa ndi alenje. Palibe kubereka kumene kungakwirire dzenje lotere.

Ndiye chifukwa chake kuletsa ulenje sikunasinthe zambiri kumeneko. M'zaka zomaliza alenje ankaloledwa nkhunzi zokha, ndipo nkhunzi imodzi imakwera zazikazi zingapo. Komabe nkhunzi sizifunika kuchepa mopitirira. Ku British Columbia, chigawo cha ku Canada, amafuna nkhunzi zosachepera 30 pa zazikazi 100. Zikasowa, yaikazi imaphonya nthawi yake kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, n'kudikira masabata atatu ndi theka kuti ikonzekenso. Bere limatenga masiku pafupifupi 230, choncho mwana amene akanabadwa mu Meyi amabadwa mu Juni, ndipo chisanu chimamupeza asanakhwime.

Nkhupakupa: chimene chikupha ana ku Maine, New Hampshire ndi Vermont

Kumpoto chakummawa kwa America mdani wamkulu ndi nkhupakupa yotchedwa winter tick, kutanthauza nkhupakupa ya m'nyengo yozizira. Dzina la sayansi ndi Dermacentor albipictus. Alimi athu amaopa nkhupakupa chifukwa cha matenda amene imapatsira ng'ombe. Iyi imapha mwa kuyamwa magazi basi, chifukwa cha kuchuluka kwake.

Moyo wake umayenda chonchi. Mu Malichi ndi Epulo zazikazi zokhuta magazi, zonenepa ngati nzama, zimagwa pansi n'kuikira mazira m'masamba ouma. Mazira amaswa m'miyezi yotentha. Pofika Seputembala tiana take, tating'ono ngati mchenga, timakwera pa udzu ndi zitsamba n'kuunjikana pansonga titakolana miyendo. Moose ikadutsa n'kukhudza tsamba, kamodzi kakagwira ubweya tonse timatsatira ngati unyolo. Timakhala pa nyama yomweyo mpaka kukula, kuyamwa katatu, ndipo kuyamwa komaliza, kumene kumatenga magazi ambiri, kumachitika kumapeto kwa nyengo yozizira. Apo n'kuti mwana wa moose watha miyezi isanu akudya timitengo touma, mafuta m'thupi mulibe. Mwana wodzaza nkhupakupa amatha kuyamwidwa, m'masabata ochepa, magazi ofanana ndi onse amene ali m'thupi mwake. Thupi limalephera kubwezeretsa, ndipo amagona pansi osadzukanso.

Akatswiri a University of New Hampshire ndi anzawo anaveka ana a moose 179 malamba a pakhosi okhala ndi wailesi, kuyambira 2014 mpaka 2016, ku New Hampshire ndi kumadzulo kwa Maine. Anafa 125, kapena kuti 70 pa 100 alionse. Pa mtembo umodzi ankapeza nkhupakupa pafupifupi 47,000. M'nyengo yozizira ya 2021 kulowa 2022, m'dera lina la kumpoto kwa Maine, mwa ana 70 ovekedwa malamba anafa 60.

Zazikulu nthawi zambiri sizifa, koma zimatuluka m'chisanu zili mafupa okhaokha. Zimadzikhula pamitengo mpaka ubweya kuthyokathyoka n'kuonekera tsinde lake lotuwa, ndipo anthu a kumeneko amazitcha ghost moose, kunena kuti moose yooneka ngati mzukwa. Yaikazi yowonda chonchi sibereka mapasa, ina imadumphitsa chaka, ndipo misoti imachedwa kutenga bere loyamba. Ndiye kuti nkhupakupa ikudya mbali ziwiri: ikupha ana obadwa kale, ikuchepetsanso obadwa.

Agwape a m'nkhalango zomwezo savutika chonchi chifukwa amadzinyambita ndi kudzikanda msanga tiana tija tisanakhazikike. Moose imayamba kudzikanda mochedwa, nkhupakupa zitakula kale.

Nkhupakupayi inalipo kuyambira kale. Zasintha ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi nyengo. Chipale chofewa chikagwa msanga, tiana ta pazitsamba timafa ndipo kukwera pa nyama kumatha. Chikachedwa ndi masabata awiri kapena atatu, moose iliyonse imatolera zochuluka. Mu Epulo namonso, nkhupakupa yokhuta ikagwera pa chipale imafa, ikagwera pa dothi imaikira. Chachiwiri ndi kuthinana. Kumene moose zili zambiri pa malo ochepa, nkhupakupa yogwa pansi imakhala ndi mwayi waukulu woti ana ake adzapeze nyama ina, monga zimakhalira m'khola lodzaza.

Apa ndi pamene pachokera maganizo a ku Maine. Moose ya m'tchire simungaitengere kudibi, ndipo simungapopere mankhwala nkhalango ya mahekitala mamiliyoni. Nyengo simungailamule. Chimene chili m'manja mwa anthu ndi kuchepetsa kuthinana, ndipo gulu limachepetsedwa pochotsa zazikazi. Vermont inatsata njira yomweyo kumpoto chakummawa kwake, ndi cholinga chotsitsa moose kufika pa imodzi pa sikweya mailosi, malo okwana masikweya kilomita 2.6. Chiyembekezo chawo n'chakuti zitsale zochepa koma zonenepa ndi zobereka bwino. Otsutsa amati kupha zazikazi m'gulu limene likutsika kale n'kuika mbewu pachiswe, ndipo amene amapeza ndalama poonetsa alendo moose zamoyo ali ndi nkhawa yawoyawo.

Ku Minnesota vuto ndi lina

Kumeneko nkhupakupa ilipo, koma pali china chimene kuchepetsa moose sikungathetse. Agwape a mchira woyera, amene akufalikira kumpoto chifukwa chisanu chikufewa ndiponso nkhalango zikudulidwa, amanyamula nyongolotsi yotchedwa Parelaphostrongylus tenuis. Mwa gwape imakhala m'mutu osamupweteka. Tiana take timatuluka ndi ndowe n'kulowa mu nkhono za kumtunda, ndipo moose imameza nkhonozo pamodzi ndi masamba. Amene amadziwa mmene likodzo limayendera, kuchoka mwa munthu kupita mu nkhono n'kubwerera, amva msanga. Mwa moose nyongolotsiyi imasochera n'kuwononga msana ndi ubongo. Nyama imayenda mozungulirazungulira, mutu uli khoo mbali imodzi, mantha onse atatha, kenako miyendo imafa. Akatswiri aona kuti agwape akapitirira anayi kapena asanu pa sikweya kilomita, moose zimayamba kutsika. Agwape omwewo amafalitsanso mphutsi zikuluzikulu za m'chiwindi. Kumpoto chakumadzulo kwa Minnesota kunali moose pafupifupi 4,000 m'zaka za m'ma 1980. Ulenje unatsekedwa mu 1997, koma pofika 2007 zinatsala zosakwana 100.

Palinso mimbulu ndi zimbalangondo, zimene zimalimbana kwambiri ndi ana a masabata ochepa. Ku Alaska akatswiri anaveka zimbalangondo 7 makamera pakhosi ndipo anapeza kuti chimodzi chinkapha ana a moose ndi a caribou (mtundu wina wa agwape) oposa 30 m'masiku 45. Ku Minnesota mimbulu ndi imene imapha ana ambiri. Koma pa zazikulu nkhani imasokonekera: moose zambiri zimene mimbulu inagwira zinkapezeka kuti zinali zodwala kale. Ndiye waipha ndani, mmbulu kapena nyongolotsi? Agwape akachuluka amadyetsanso mimbulu yambiri, mimbuluyo n'kumadya ana a moose. Zifukwa zimalukana chonchi.

Pachilumba cha Isle Royale m'nyanja ya Superior ku America palibe ulenje, ndipo akatswiri akhala akuwerenga mimbulu ndi moose kuyambira 1959. Mimbulu itatsala iwiri yokha, moose zinachuluka kufika pafupifupi 2,060 mu 2019 n'kuyamba kumaliza mitengo. Anabweretsa mimbulu ina 19 mu 2018 ndi 2019. Pofika 2024 panali mimbulu 30 ndi moose 840, zina zitafa ndi njala.

Misewu ndi msinkhu wa nkhalango

Pakati pa British Columbia kachilombo kofukula makungwa a paini kanapha mitengo pa mahekitala oposa 18 miliyoni. Makampani anathamangira kudula mitengo youmayo isanawole, n'kulambula misewu ponseponse. Posakhalitsa, m'madera ena moose zinatsika ndi 50 mpaka 70 pa 100 zilizonse, ndipo mu 2013 boma linayambitsa kafukufuku wamkulu. Msewu wa m'nkhalango umathandiza aliyense wofuna moose. Mlenje amafika ndi galimoto kumene kale kunkafunika masiku awiri apansi. Mimbulu nayo, monga anapezera ku Alberta, imayenda mwachangu kawiri kapena katatu ikamatsata njira zolambulidwa kusiyana ndi m'tchire. Malo odulidwa psiti amasiya nyama poyera, yopanda pobisala ndi pousa. M'madera ena amapoperanso mankhwala a glyphosate kuti aphe mitengo ya masamba, paini akule bwino, pamene mitengo ya masambayo ndiye ndiwo za moose.

Koma kudula kapena kupsa kwa nkhalango si koipa nthawi zonse. Moose imafuna mitengo imene pakamwa pake pangafike. Malo akapsa, pakatha zaka 10 mpaka 30 pamakhala mphukira zochuluka ndipo moose zimaswana. Mitengo ikatalika, chakudya chimathawira m'mwamba. Ku Kenai ku Alaska moto waukulu wa mu 1947 ndi wa mu 1969 unachulukitsa moose kwa zaka zambiri, ndipo nkhalango itakula zinatsikanso. Mlenje amene amabwerera ku dambo lomwelo limene bambo ake ankaphako amaiwala kuti mitengo nayo yakalamba.

Kwina kutsikako n'kofuna. Ku Sweden mu 1982 alenje anapha moose pafupifupi 175,000. M'zaka za m'ma 2010 ankapha pakati pa 80,000 ndi 100,000 pa chaka, ndipo pofika 2023 anatsika pansi pa 60,000, makamaka chifukwa eni nkhalango akhala akufuna kuti nyamazi zichepe popeza zimadya nsonga za paini wamng'ono. Ku Newfoundland ku Canada, kumene anabweretsa moose zinayi mu 1904, zinaswana kupitirira 100,000, ndipo mu 2011 ulenje unaloledwa ngakhale m'mapaki a Gros Morne ndi Terra Nova kuti mitengo ipume.

Kodi njira ikakhala zii, ndiye kuti nyama zatha?

Osati nthawi zonse. Boma limawerenga mu Januwale, masamba atayoyoka ndipo pansi pali mbee ndi chipale, kuti nyama yakuda ioneke. Ku Minnesota amagawa dera m'mabwalo, amasankhapo pafupifupi 50, n'kuuluka pang'onopang'ono m'mizere. Kenako amawonjezera chiwerengero poganizira zimene zinabisika pansi pa mitengo yowirira. Chotuluka ndi chiyerekezo, ndipo chimatha kusiyana ndi choonadi ndi mazana angapo kapena kuposa. N'chifukwa chake kukwera kapena kutsika kwa chaka chimodzi sikunena zambiri. Chofunika ndi mzere wa zaka zisanu kapena khumi, ndi chiwerengero cha ana pa zazikazi 100.

Maso a mlenje mmodzi amanama mbali zonse ziwiri. Seputembala akatentha, nkhunzi zimagona m'nkhalango yowirira kapena m'zithaphwi usana wonse n'kumayenda usiku. Zilipo, koma simuziona. Njira imene njinga zamoto za mawilo anayi zimadutsa tsiku ndi tsiku, nyama zimaitalikira ndi kilomita imodzi kapena awiri. Komanso zotheka kuti gulu latsika ndi theka koma zotsalazo zaunjikana m'dambo limodzi labwino, ndipo amene akulidziwa dambolo amaphabe chaka chilichonse n'kumati zonse zili bwino. Asodzi amazidziwa izi: amene akudziwa pamene nsomba zasonkhana amadzaza bwato ngakhale nyanja ikuuma nsomba.

Maso a alenje ambiri pamodzi ndiye amathandiza. Ku Sweden magulu a alenje amalemba moose iliyonse imene aona m'masiku 7 oyamba a ulenje, nkhunzi, zazikazi ndi ana, pamodzi ndi maola amene akhala m'tchire. Ku New Hampshire amafunsa alenje a agwape kuti aona moose zingati. Zikaphatikizidwa kwa zaka zambiri, ziwerengero zimenezi zimasonyeza kumene gulu likulowera.

Pansi pamanenanso zake kwa wodziwa kuwerenga. Ndowe ya m'chisanu imakhala timibulu touma ngati utuchi woumbidwa, ndipo imakhala chaka osawola, choncho siikuuzani za lero. Ya m'nyengo ya masamba aawisi ndi yofewa. Nsonga yongobudulidwa kumene imakhala yoyera pothyokapo, yakale yotuwa. Nthawi yokwerana nkhunzi imakumba kadzenje ndi ziboda, n'kukodzeramo ndi kugubudukamo. Fungo likakhala lamphamvu, mwini wake ali pafupi. Mapazi aang'ono pambali pa aakulu ndiye chizindikiro chabwino kuposa zonse, chifukwa akusonyeza kuti mwana wapulumuka miyezi inayi yoyamba.

Ulenje wa kutali ndi msewu: pamene zinthu zimavuta

Nyama zikachepa m'mbali mwa misewu, alenje amalowa m'kati, pa bwato, pa ndege yaing'ono kapena wapansi. Njira yodziwika ndi kuitana. Amapinda khungwa la birch kukhala ngati lipenga n'kutsanzira kulira kwa yaikazi mbandakucha ndi madzulo, kapena amakhula zitsamba ndi fupa louma la phewa kuti nkhunzi iganize kuti kwabwera inzake yolimbana nayo. Moose siona bwino, koma makutu ndi mphuno zake ndi zakuthwa, ndipo nkhunzi yochenjera imazungulira kunsi kwa mphepo isanaonekere. Ina imayankha madzulo n'kufika m'mawa mwake. Ambiri amalephera chifukwa chochoka pamalo msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malamulo amatsekereza zambiri. M'madera ambiri a Alaska nkhunzi yololedwa ndi ya nyanga zotambalala mainchesi 50, pafupifupi masentimita 127, kapena yokhala ndi nsonga zitatu kapena zinayi pa nthambi yakutsogolo malinga ndi dera, kapenanso yaing'ono ya nyanga yosongoka kapena ya mphanda. Cholinga n'kusiya za msinkhu wapakati kuti zikwere zazikazi. Kuyeza nyanga ndi maso pa mtunda wa mamita 200 n'kovuta, ndipo wolakwitsa ndi mainchesi awiri amalandidwa nyama. Wofika pa ndege saloledwa kusaka mpaka 3 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, kuti asaone nyama ali m'mwamba n'kutera pambali pake.

Ntchito yeniyeni imayamba nyama ikagwa. Nkhunzi yaikulu imapereka nyama yokwana makilogalamu 230 kapena kuposa, ndipo mwendo wathako umodzi, fupa lili momwemo, umatha kupitirira makilogalamu 55. Anthu awiri sangaitembenuze popanda chingwe. Ambiri amasenda mbali ya pamwamba, kuchotsa mwendo wamwamba ndi wathako, nyama ya msana, ya khosi ndi nthiti, kenako n'kutembenuza. Tiwerengere: munthu akamasenza makilogalamu 30 pa ulendo, nyamayo ndi maulendo 8. Ngati bwato lili pa makilomita awiri, kupita ndi kubwera ndi makilomita 32, theka lake katundu ali kumsana, m'dambo lotitimira mpaka m'mawondo. N'chifukwa chake alenje akale a ku Alaska amalangiza kuti osawombera moose patali kuposa mailosi imodzi kuchokera pa galimoto kapena bwato, ndiponso osaiwombera itaima m'madzi, chifukwa ikagwera momwemo mudzasendera m'matope ozizira mpaka m'chiuno.

Mdani wa nyama ndi kutentha kwa thupi lake lomwe. Chikopa chimene chimateteza moose ku chisanu chimasunganso kutentha ikafa, ndipo ikagona usiku wonse yosasenda, nyama yozungulira fupa la m'chiuno ndi ya m'khosi imasasa n'kusanduka yobiriwira ngakhale kunja kuzizire. Chikopa chichoke m'maola ochepa. Zidutswa zilowe m'matumba a nsalu opitisa mpweya, osati a pulasitiki, kuti ntchentche zisaikire mphutsi. Zipachikidwe pamthunzi, lona ali pamwamba koma osakhudza, chifukwa nyama yonyowa ndi mvula imawola msanga kuposa youma. Kukazizira pansi pa madigiri 4 imatha masiku angapo; kukafunda kupitirira madigiri 15, masiku ake ndi owerengeka. Apa kusintha kwa nyengo kwakhudza alenje mwachindunji: Seputembala wofunda amachititsa kuti nkhunzi zisayende, ndipo ikaphedwa, nyama iwonongeke ndege isanabwere. Nyamayo iyeneranso kusamutsidwa mamita 100 kapena kuposa kuchoka pa matumbo, chifukwa chimbalangondo chimayambira pamenepo.

Ku Alaska kutaya nyama yodyedwa ndi mlandu wa chindapusa cholemera ndi ndende, ndipo nyanga siziloledwa kuchoka pamalo ophera nyama yonse isanatuluke. Lamulo limeneli n'lomveka. Kumidzi yambiri ya kumeneko, kumene katundu wa m'sitolo amabwera pa ndege, moose imodzi ndi ndiwo za banja za chaka chonse, ndipo alenje a chigawo chonsecho amapha 6,000 mpaka 8,000 pa chaka.

Zochepazo apatsidwe ndani

Nyama zikachepa, zilolezo zimagawidwa mwa maere. New Hampshire inayamba ndi 75 mu 1988, inafika pa 675 mu 2006, ndipo kuyambira 2019 zakhala zosakwana 50 pa chaka. Maine, imene inatsegulanso ulenje mu 1980 ndi zilolezo 700, mu 2024 inapereka pafupifupi 4,000, koma ofuna ndi ochuluka kwambiri moti ena amadikira zaka makumi.

Eni nthaka oyambirira ali ndi ufulu wawo wolembedwa m'mapangano. Ku Minnesota anthu a mtundu wa Ojibwe a ku Fond du Lac, Grand Portage ndi Bois Forte amasaka pansi pa pangano la mu 1854, ndipo ataima kaye kwa kanthawi, anabwerera kupha nkhunzi zochepa za chakudya ndi miyambo. Akatswiri awo amagwira nawonso ntchito yowerenga ndi kufufuza. Ku British Columbia khoti linagamula mu 2021 kuti misewu, migodi ya gasi ndi kudula mitengo zaphwanya ufulu wa eni nthaka oyambirira a ku Blueberry River, ndipo chaka chotsatira boma linachepetsa kwambiri ulenje wa anthu ena kumpoto chakummawa kwa chigawocho. Alenje a zilolezo anati akulangidwa pa mlandu wa makampani. Ku Alaska lamulo la mu 1994 limalola boma kuchepetsa mimbulu ndi zimbalangondo kuti moose zichuluke. Ena amati ndiyo njira yodyetsera midzi, ena amati phindu lake silikhalitsa ngati chakudya cha moose n'chochepa.

Ngakhale kufufuza komwe kuli ndi mtengo wake. Mu 2015 bwanamkubwa wa Minnesota, Mark Dayton, analetsa akatswiri a boma kuveka moose malamba, zitaoneka kuti zazikazi zina zinkathawa ana awo akhanda anthu akawagwira.

Ku Maine mu 2021 anagawa dera lotchedwa Wildlife Management District 4 pawiri: kumadzulo zilolezo zowonjezera za zazikazi, kummawa ayi, kuti mbali ziwirizi aziziyerekeza kwa zaka zisanu. Mlenje akabweretsa nyama pamalo olembetsera, akatswiri amazula dzino limodzi n'kukawerenga mizere ya mu muzu wake ngati mizere ya mtengo kuti adziwe zaka. Amatenga mabasiketi a mazira a yaikazi kuti aone ikanabereka ana angati. Amapatula ubweya paphewa ndi pathako n'kuwerenga tiana ta nkhupakupa m'mizere ya masentimita 10, ndipo chiwerengero cha mu Okutobala chimenecho chimalosera imfa za mu Epulo. Mu Januwale amagwira ana pafupifupi 70 ndi ukonde woponyedwa kuchokera m'helikopita, kuwayeza kulemera ndi kuwaveka malamba a GPS. Lamba akakhala maola angapo osagwedezeka amatumiza uthenga pa foni, ndipo akatswiri amanyamuka pa njinga za pachipale kukafika pa mtembo zilombo zisanaudye, kukaswa fupa la ntchafu ndi kuona mafuta a m'kati: oyera ndi olimba ngati mwanayo anali wokhuta, ofiira ndi amadzimadzi ngati nkhupakupa zinamumaliza.